Tsache la Agogo Anu ndi Udzu wa NyaChirwa

Iwe Juma, ika foniyo m'thumba, siithawa. Enanu senderani kuno, koma musakhalire nsalu ya kasitomala. Dzulo ndinakumvani mukung'ung'udza kuseri kwa khitchini, mumayesa makutu angawa anaguluka pamodzi ndi mano. Mumati agogo anu aakazi ngovuta kuwamvetsa. Pabwalo pano pakagwa tsamba limodzi la mango amakudzutsani ndi tsache kumanja, koma mbuzi ikangonunkhiza udzu uja wa ku sikelo amaigenda ngati yadya mpunga wa pa Idi. Munthu mmodzi angadane bwanji ndi udzu kwinaku akuulondera? Funsolo ndi labwino. Poti ine ntchito yanga ndi yokhala pakhonde, mapazi pamakina, maso pamsewu, ndinaona momwe zinayambira.

Zinali zaka zoyamba za matipate. Inu munabadwa pakamwa pali potsegula kale, simungamvetse. Ife tinakula tikulankhula ndi maso, khadi la chipani lili m'thumba ngakhale popita kukagula mchere. Ndiye tsiku lina akuti lankhulani zomwe mukufuna. Eee, anthu analankhula! Amene sanayambe wayendetsako ngakhale njinga ankafotokoza kayendetsedwe ka dziko. Kwa ine telala inali nthawi yokolola, chifukwa chipani chilichonse chinkagawa nsalu, ndipo mayi mmodzi ankatha kundibweretsera nsalu za zipani zosiyana kuti ndimusokere, ina yovala msonkhano wa uku, ina wa uko. Ndinkasita ndi simbi ya makala, ija mumaikamo misomali tsopano. Mukaipukusa mosasamala phulusa linkagwera pankhope ya mtsogoleri, ndiye munkayang'ana uku ndi uku musanalipukute, mantha akale asanathe.

Sikelo mukuidziwa, kachipatala kaja kali potsetsereka popita kunyanja. Timakatchula choncho chifukwa kanayamba ndi sikelo yoyezera ana yopachikidwa pamtengo wa mango. Njerwa zake tinaumba tokha, boma linatipatsa malata ndi mzamba mmodzi. Musaione kuchepa nyumba ija. Isanamangidwe, mayi akayamba kudwala matenda a uchembere tinkamukweza panjinga kapena kumunyamula pamachira, ulendo wa kutali. Mwana wathu woyamba, mkulu wake wa mayi anu Zainabu, anabadwira panjira, m'mbali mwa mtsinje wodzaza umene tinalephera kuwoloka, ndipo sanalire. Agogo anu nkhani imeneyi saikamba. Ine ndimaikamba kuti mudziwe chifukwa chake ankasesa pa sikelo m'mawa uliwonse popanda wowatuma.

Koma nyumbayo inali ndi mdani. Madzi a pamsewu ndi a padenga ankathamanga pabwalo loyera lija n'kukagwera kuseri, ndipo kumeneko kunayamba chigwembe. Poyamba ana ankachilumpha. Kenaka mbuzi zinayamba kuzungulira. Chaka chilichonse chinkadya dothi chikuyandikira khoma la chipinda chochiliramo amayi. Tinkaponyamo zinyalala ndi makoko a chinangwa, icho n'kumangomeza.

Tsiku lina Loweruka, mvula yoyamba ikugwa, ndinaona munthu wovala thalauza ataima pakati pa bwalo la sikelo, wopanda ambulera. Ankayenda chowerama akutsatira madzi, akafika pena n'kuzika kamtengo, pena n'kugwada kukanda dothi ndi chala. Ndinati uyu mutu wake sukuyenda bwino. Ndinasiya kusoka. Atatembenuka ndinaona kuti ndi mzimayi! Kumbukirani, thalauza la amayi linali litangololedwa kumene, kwathu kuno tinkangolimva pawailesi. Mvula itakata anabwera pakhonde panga akudontha madzi.

“Odi kuno, adada. Ndinu a Fundi? Thalauza langa lang'ambika pabondo. Mumasokanso a amayi?”

“Thalauza silidziwa mwini wake, mayi,” ndinatero. “Koma ndiuzeni kaye, mwataya chiyani m'matopemo?”

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati dzina lake ndi NyaChirwa, kwawo ndi ku Dwambazi, koma anakulira kunja kumene bambo ake anathawira nthawi ya chipani chimodzi. Kumeneko anaphunzira ntchito yokonza malo. Tsopano anali atabwerera, akugwira ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, akuyang'anira mabwalo a nyumba za mabwana.

“Ndiye kuti ndinu gadeniboyi wamkazi?”

“Ayi, adada. Ine ndimalemba malo asanadzalidwe, monga inu mumalemba nsalu ndi choko musanadule. Mtengo ukhale apa, njira ipite apo, madzi akhotere uko. Ndinadutsa pano pa minibasi, ndinaona chigwembe chija, tulo sitinabwere bwino. Nyumba iyi ikasiyidwa chonchi igwa.”

Ndinafunsa kuti tidzamulipira ndi chiyani, anthu a usipa ndi chinangwa ngati ife. Anati salipiritsa. Apo m'pamene chidwi changa chinakula, ndi cha mudzi wonse. Masiku amenewo chaulere chilichonse chinali ndi chipani kumbuyo kwake. Ena anati akufuna uphungu. Ena anati watumidwa kudzayeza malo kuti esiteti itilande. Mnzanga wina wogulitsa zitumbuwa anati, “Musavutike, a Fundi, tidikire maluwa ake amasule, mtundu wake utiuza chipani.” Ine sindinapirire, ndinamufunsa mwini wake Loweruka lotsatira, akudikira thalauza lija.

“Adada,” anatero, “sabata yonse ndimathirira kapinga amene amapondapo anthu awiri ndi galu. Ndatopa. Ndikufuna ndione mwana akukwawa pamthunzi umene ndinauganiza ine.”

Kagwiridwe kake kanali kodabwitsa. Sanathamangire kudzala. Ankakhala pansi pa mango uja n'kumaona kumene amayi amadutsa pochokera kumsewu, kumene amayala mphasa, kumene dzuwa limawathamangitsa likakwera. Kenaka anabwera ndi chida cha mitengo itatu yomangidwa pamodzi, miyendo iwiri ndi umodzi wopingasa, chingwe chikulendewera pakati ndi mwala kunsonga. Ankachiyendetsa mwendo ndi mwendo modula chitsetse, mwala ukaima pakati n'kukhoma chikhomo. Ndinachigwirako, ndithu mwala uja sunama. Zonse anafotokozera akomiti ya chipatala atayala pepala lake pansi, kuti mizere ya udzu wa thedzi idzagwira dothi ndi mizu yake yaitali, kuti kapinga adzaphimba pakati, kuti mbawa zidzapereka mthunzi. Akomiti anagwedeza mitu. Onse anali amuna, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirako tsache chibadwire. Ine sindinalimo, anati telala ngwamiseche.

Udzu unadzalidwa, unagwira, ndipo chaka chimenecho chigwembe sichinasunthe. Koma amayi sanakondwe. Kwathu kuno bwalo ndi nkhope ya mzimayi, mukudziwa. Agogo anu ankabwera kuchokera ku sikelo atakwinya nkhope, tsache lili m'khwapa.

“Bambo a Zainabu, chipatala chasanduka dambo. Munthu usese pati? Alendo aziti amayi a mudzi uno ndi alesi.”

Chilimwe chitafika udzu unauma nsonga n'kuoneka ngati tchire. Tsiku lina panadutsa njoka pafupi ndi mphasa ya mwana. Sinalume munthu, koma nkhani yake inaluma mudzi wonse.

Mvula ya chaka chotsatira ili pafupi, kunamveka kuti kukubwera bwana wamkulu wa zaumoyo kudzayendera sikelo. Ana inu, mwambo wolandira bwana tinali titauphunzira bwino zaka zambiri za chipani chimodzi. Mumalambula paliponse, mumasesa, mumapaka laimu miyala ndi matsinde a mitengo. Boma linali litasintha, koma manja athu anali asanamve. M'mawa wa tsiku limenelo ndinamva nyimbo. Ndinasuzumira, ndipo ndinaona amayi ali pamzere ndi makasu, agogo anu patsogolo, chitenje chili chomangidwa m'chiuno. Anazula thedzi yense, anapala kapinga, anasalaza, anasesa mpaka zizindikiro za tsache zinaoneka ngati zopesa. Walahi, bwalo linakongola! Bwana uja atatsika m'galimoto anayang'ana n'kunena kuti ukhondo ndi umenewu, midzi ina idzaphunzire pano. Nthungululu zinamveka mpaka kudoko.

NyaChirwa anafika Loweruka ndi mbande za mbawa m'katoni. Anaima pamsewu nthawi yaitali. Sanakalipe. Anabwera pakhonde panga, anaika katoni pansi, anakhala pabenchi, ndipo ndinaona misozi ikutsika. Ndinamumvera chisoni kwambiri. Anangoti, “Muzithirira izi, adada,” n'kukwera minibasi. Loweruka lotsatira sanabwere, ngakhale linzake.

Mvula inabwera. Madzi saiwala khwawa, ndipo ulendo uno anapeza dothi lofewa, logaulidwa ndi makasu. Chimbudzi cha sikelo chinapita chonse, chitseko chake tinakachitola kumchenga. Chigwembe chinafika poti munthu ataima pakhoma ankalavulira m'kati mwake, ndipo khoma la chipinda chochilira linang'ambika mng'alu wolowa dzanja. Mzamba anatiuza mosabisa kuti akuluakulu anena kuti mng'aluwo ukakula atseka nyumbayo, iye amutumiza kwina. Nthawi imeneyo mayi anu Zainabu anali ndi pathupi poyamba, ndipo masiku awo ankagwera m'miyezi ya mvula yaikulu, mitsinje ikadzaza.

Agogo anu anasiya kudya bwino. Ankapita kukaima pachigwembe, tsache lili m'manja, osasesa. Tsiku lina anaphika mkate wa mpunga ndi nthochi, anaukulunga m'masamba, anapungula mpunga m'kathumba, navala mpango wawo wa Lachisanu.

“Tsekani makinawo. Mundiperekeze ku Dwangwa.”

Ulendo umenewo sindiuiwala. Minibasi za masiku amenewo zinkanyamula anthu, nkhuku ndi madengu a nsomba pamodzi, kondakitala theka la thupi lili panja. Tinadutsa minda ya nzimbe yosaoneka mathero, tikumva zilankhulo za maboma onse. Titafunsafunsa anatilozera kunyumba za mabwana. Kumeneko agogo anu anaima chilili, akuyang'ana chitsulo chikuzungulira chokha n'kumawaza madzi pa kapinga.

“Bambo a Zainabu, udzu ukumwa madzi a mpope! Ndiye amadya udzuwu?”

Tinamupeza NyaChirwa atagwada pamaluwa, atavala thalauza lija la chigamba changa. Anatipatsa moni mwaulemu koma mozizira. Agogo anu, mukuwadziwa, mawu oti pepani amawatuluka movutikira ngati munga wa nsomba. Anaika mkate ndi mpunga pansi, nakhala paudzu pomwepo.

“Mayi, sindinabwere kudzapepesa ukhondo. Ndabwera kudzafunsa, poti safunsa anadya phula. Udzu uja unkagwira ntchito yanji?”

“Simunauzidwe, amama? Ndinafotokozera akomiti zonse.”

“Akomiti! Amene aja akafika kunyumba amangofunsa ndiwo.”

NyaChirwa anazula tsinde la thedzi m'mbali mwa ngalande, anawaonetsa mizu yake yolukana, yaitali kuposa masamba. Agogo anu anaigwira, anaikoka, anainunkhiza. Kenaka NyaChirwa anafunsa lake.

“Nanga inu, amama, mumaseseranji mpaka dothi kuyera? Ndinkayesa ndi chizolowezi chabe.”

“Chizolowezi? Mayi, pabwalo losesa madzulo, m'mawa umaona chimene chadutsa. Njoka imasiya mkwekwe wake, nankalizi amasiya wake, umadziwa kumene zalowera usanagoneke mwana pamphasa. Pa kapinga wanu uja ndione chiyani? Ine ndinataya kale mwana mmodzi. Ndinkateteza ana a anzanga, ndipo taonani, ndagwetsa nyumba imene mwana wanga akachiliremo.”

NyaChirwa anagwira dzanja lawo.

“Ndinatsatira madzi, ndinatsatira mapazi, koma tsache sindinalitsatire. Loweruka ndikubwera. Mundiitanire amayi, akomiti akhale kumbuyo. Vuto ndi mbewu, thedzi wochuluka choncho sindingamupeze msanga.”

“Alipo,” anatero agogo anu. “Tinamutaya munthochi kuti aole. Wakana, waphuka.”

Loweruka limenelo malo analembedwa kachiwiri, osati papepala koma pansi, NyaChirwa ndi kamtengo, agogo anu ndi tsache. Pakhomo ndi pansi pa mango, pamene amayala mphasa, anati pakhale poyera, posesa tsiku ndi tsiku. Kapinga anamuchotsamo, kupatula kuseri kumene sikukhala anthu. Thedzi anabwerera m'mizere yake, koma agogo anu analamula kuti azimetedwa kufika m'bondo, ndipo m'mbali mwake muzipalidwa kuti njoka ikatuluka ioneke. Poti udzu wongodzala kumene sungalimbane ndi madzi, anafuna matumba a mchenga. Ine ndinasoka matumba akale a feteleza mpaka singano zinatha kuthyoka, asodzi anakhoma nsungwi m'chigwembe, amayi anatuta miyala pamutu. Mbande za mbawa zija ndinali nditazithirira, musandiyese wongolankhula.

Tsiku lenileni linali Lachisanu. Kunacha kwakuda, ndipo mayi anu anayamba kudwala m'mawa. Agogo anu anawaperekeza ku sikelo. Ife amuna tili mumzikiti, mvula inayamba, ija yoti shehe akulankhula mumangoona milomo. Ndinapemphera, koma mtima unali pakhoma lija. Titangomaliza ndinathamanga, kanzu yanga yovala kumzikiti yonse matope. Mtsinje unali utadzaza kale, kunalibe kopita kwina. Ndinali ndi mantha, ana inu, mantha aja a panjira paja anabweranso onse.

Ndinayembekeza kuwapeza agogo anu pakhomo la chipinda, mmene amachitira amayi. Ayi. Anali pabwalo, pamvula, opanda ambulera, akuyenda chowerama kutsatira madzi, ndendende mmene ndinamuonera NyaChirwa tsiku loyamba. Madzi ofiira ankatsika kuchokera kumsewu, akafika pamzere woyamba n'kuima, n'kumwazikana, n'kudutsa ofooka kupita pamzere wachiwiri. Pena anaboola, agogo anu n'kukokerapo thumba la mchenga okha, thumba loti masiku ena timanyamula awiri.

“Amake Zainabu, lowani m'kati, mwana akukufunani!”

“M'kati muli mzamba! Kuno kuli ndani? Gwirani khasu!”

Ndinagwira khasu. Dothi la m'mphepete mwa chigwembe linagumuka pang'ono, nsungwi zinapendeka, koma zinaima. Ndinkati ndikakumba kawiri n'kuyang'ana mng'alu uja. Sunakule. Mvula isanakate tinamva kulira kwa khanda kupyola phokoso la malata. Agogo anu anagwetsa thumba, nakhala pansi m'matope momwemo, akulira ndi kunena Alihamudulila. Khanda limenelo ndiwe Juma, ndipo dzinalo unalitenga ku tsiku lomwelo, poti kumzikiti Lachisanu timalitcha tsiku la Juma. Unalira mokweza kuyambira pamenepo, sunasinthe.

NyaChirwa anabwera m'mawa mwake, anakunyamula, nati udzakwawa pamthunzi wa mbawa zake. Anthu a kwina atamva anayamba kumuitana. Anakonza pasukulu ina chakumpoto, pamjigo wina ku Chia, pamsika wa nsomba, zonse Loweruka, zonse kwaulere. Kulikonse ankayamba ndi kufunsa kuti amasesa pano ndani. Kwina ankawatenga agogo anu kuti akafotokozere amayi anzawo, iwo n'kumakwera minibasi monyadira ngati nduna. Maluwa aja amene mnzanga wa zitumbuwa ankawadikira sanadzalidwe n'komwe, chipani chake sitinachidziwe mpaka lero.

Koma mthunzi wa mbawa sanaukhale. Zinali zaka zija maliro ankachuluka kuposa maukwati. Anayamba kuonda, thalauza ndinamubwezera m'chiuno, kenaka ndinamubwezeranso. Loweruka lina sanabwere, ndipo uthenga unafika kuti watisiya, akamuika m'manda kwawo ku Dwambazi. Mbawa zinali zitangofika m'phewa.

Tinapita. Agogo anu ananyamula mtolo wokulunga m'chitenje chonyowa, sanalole kondakitala kuuika padenga, anaufukata pamiyendo njira yonse. Manda a kwawo ali potsetsereka poyang'ana kumtsinje, ndipo amayi a kumeneko anali atalambula ndi kusesa bwino, monga timachitira tonse. Nyimbo za tchalitchi zitatha, anthu ataika nkhata zawo, agogo anu anapita kwa azakhali a malemu, anagwada, napempha chilolezo ndi khasu. Atamasula chitenje, anthu anayamba kunong'onezana.

“Amama, udzu pamanda? Tangolambula kumene.”

“Ndaona, mwasesa bwino,” anatero agogo anu. “Inenso ndimadziwa kusesa. Koma uyu anatigwirira dothi mdzukulu wanga akubadwa. Sindilola kuti mvula idzamutenge.”

Anakumba mzere kumtunda kwa manda, wina kumunsi, anadzala thedzi wa ku sikelo tsinde ndi tsinde, akutsendera ndi chidendene. Palibe anawaletsa. Atamaliza anapempha tsache, nasesa pakati pa mizereyo mpaka dothi linayera.

Taonani, agogo anu ndi awo akubwera kuchokera ku sikelo, chikwakwa chili paphewa. Juma, nyamuka ukawalandire.